NYENYEZI YA MCIRA NDI CISANU CA KUM'MAWA

Munthu woyenda pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata m'mwezi wa June amaona nyengo ziwiri tsiku limodzi. Pa mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa m'caka ca 1968, dzuwa la masana limaochabe ngakhale iri nthawi ya cisanu, ndipo amai ogulitsa nsomba zouma, madengu ndi malicero amabisala m'mithunzi ya zisakasa zao. Koma basi ikakwera zitunda za Kacholola, nipitirira Nyimba ndi nthoci zake, mphepo yolowera pa zenera imayamba kuluma. Pofika ku Katete dzuwa litapendeka, aliyense amakhala atafunafuna kale juzi kapena citenje cofunda.

Cifukwa cake n'capafupi. Mtsinje wa Luangwa uli m'cigwa cakuya, pamene Petauke, Katete ndi Chipata ali pamtunda, mamita 1,000 kapena kuposerapo pamwamba pa nyanja yaikulu. Mpweya umazizira madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Pamtunda pamenepa, m'miyezi iyi ya cisanu, ndi pamene thambo la usiku limayera koposa caka conse, ndipo ndi pamene funso lakale limabwereranso pa moto wa madzulo: kodi zooneka kumwamba ndizo zimatumiza cisanu, cilala ndi mkuntho pansi pano?

Kumene Angoni anaolokera

Asanafike pa mlatho, wapaulendo amaona mseu wina wopatukira ku dzanja lamanja. Mseu umenewu umatsata mtsinje makilomita pafupifupi 90 kufikira pa boma la Luangwa, limene kale linali kuchedwa Feira. Apa ndi pamene Luangwa amathira madzi ake mu Zambezi, ndipo maiko atatu amapenyana: Zambia tsidya lino, Mozambique ku Zumbo, ndi Zimbabwe ku Kanyemba. M'Zambia monse mulibe malo otsika kuposa amenewa, pakuti ali mamita 329 okha pamwamba pa nyanja.

M'dera limeneli ndimo Angoni a Zwangendaba anaolokera Zambezi pocokera kumwera. Mbiri yao imasimba kuti tsiku loolokalo dzuwa linada masanasana, ndipo akatswiri a za nyenyezi atawerengera m'mbuyo anapeza kuti kadamsana ameneyo anacitika pa 20 November 1835. Cimene ambiri sadziwa n'cakuti masiku anai okha m'mbuyo mwake, pa 16 November, nyenyezi ya mcira yochuka koposa zonse, ya Halley, inali itafika pafupi kwambiri ndi dzuwa pa ulendo wake. Ku Cape, katswiri wina dzina lake Sir John Herschel anailondola ndi makina ake oonera kutali kwa miyezi ingapo.

Kucokera nthawi imeneyo nyenyeziyi yabweranso kawiri kokha. Mu 1910 inapeza dziko lino liri m'manja mwa kampani ya British South Africa Company, Chipata akuchedwa Fort Jameson, likulu la North-Eastern Rhodesia. Mu 1986 inapeza Zambia wa ufulu wa zaka 21, pansi pa utsogoleri wa Dr Kenneth Kaunda. Mbiri yonse ya Angoni kuno kumpoto kwa Zambezi, ndi mafumu ake, nkhondo zake ndi kubwezeretsedwa kwa mwambo wa Nc'wala mu 1980, ikukwana m'maulendo awiri ndi theka a mlendo mmodzi ameneyu.

Thambo la pamtunda

Pakati pa Petauke, Sinda ndi Katete, dziko la June ndi lofiirira. Cimanga calowa m'nkhokwe, nshawa zikuuma pa zithatha, thonje likutoledwa, ndipo ngolo za ng'ombe zikusenza udzu wofolera. M'madambo mokha ndimo muli msipu wa madimba. Dzuwa likalowa kuseri kwa mapiri, mdima umagwa msanga, ndipo popeza mpweya ndi wouma ndi wopanda mitambo, nyenyezi zimacita ngati zatsikira pa nsonga za mitengo. Mlalang'amba umatambalala kucokera mbali imodzi ya thambo kufikira inzake. Kumwera kumaoneka nyenyezi zinai zonga mtanda. Wolawira m'mamawa kumapeto a June amaona Nsangwe zitatulukanso kum'mawa, ndipo mu July Akamwiniatsatana amazitsatira.

Nyenyezi zimenezi makolo anali kuzidziwa bwino, pakuti zimasunga nthawi yao caka ndi caka. Coopsa cinali nyenyezi yacilendo, yobwera mosaitanidwa, yokoka mcira wonga utsi, yokhala masabata angapo kenaka n'kuzimiririka. M'midzi yambiri anthu anali kuiyesa malodza a imfa ya mfumu, njala kapena nkhondo. Mantha otere sanali a Afirika okha: mu 1910 anthu a ku Ulaya ndi ku America anagula mankhwala onama poopa mpweya wa mumcira wa Halley, koma dziko lapansi linadutsa mumcirawo pa 19 May popanda ndi nkhuku yomwe kudwala.

Okalamba a lero aona alendo otere angapo. Mu October 1965 kunaoneka Ikeya-Seki, imene inawala kotero kuti ena anaiona masana pambali pa dzuwa. Mu 1970 kunabwera ya Bennett, imene anayamba kuiona ndi John Bennett wa ku Pretoria pa 28 December 1969. Mu January 2007 McNaught anatambasula mcira wake ngati cipepeso kumadzulo, ndipo mu October 2024 Tsuchinshan-ATLAS anaoneka dzuwa litangolowa. Popeza palibe caka copanda maliro kapena bvuto kwinakwake, n'kosabvuta kupeza tsoka loti munthu amangirire pa mcira wa iriyonse. Koma kuti mlandu uweruzidwe bwino, poyamba mlendoyo adziwike kuti ndani ndipo kwao n'kuti.

Cimene ciri mkati mwake

Nyenyezi ya mcira si nyenyezi ai. Nyenyezi zeni zeni ndi madzuwa akutali amene amayaka okha. Koma iyi iribe moto, imangowala ndi kuunika kwa dzuwa lathu monga umacitira mwezi. Mu 1950 Fred Whipple wa ku America anafotokoza kuti mtima wake ndi cibuma ca madzi oundana osakanizika ndi fumbi, timiyala ndi mipweya ina youndana. Mau ake anatsimikizika pa 14 March 1986, pamene combo ca m'mlengalenga ca maiko a ku Ulaya, cochedwa Giotto, cinadutsa makilomita pafupifupi 600 kucokera pa mtima wa Halley ndi kuujambula. Zithunzi zinaonetsa cibuma cooneka ngati nshawa yosasenda, cotalika makilomita 15 ndi cotambalala makilomita 8, cakuda bii ngati makala. Munthu wa njinga akanatha kuyenda utali wake wonse m'ora limodzi.

Cibuma cimeneci cikakhala kutali ndi dzuwa cimangokhala duu mumdima, cosaoneka. Cikayandikira, kutentha kumasandutsa madzi oundana aja kukhala mpweya, osayamba asungunuka, ndipo mpweyawo potuluka umanyamula fumbi. Pamenepo cibuma cimazingidwa ndi nkhungu yaikulu kuposa dziko lapansi, imene ndiyo imaoneka ngati mutu. Kuwala kwa dzuwa pamodzi ndi mphepo ya tizinthu tosaoneka tocokera ku dzuwako zimakankha nkhunguyo, nizipanga micira iwiri, wa fumbi wopindika ndi wa mpweya woongoka, yotalika makilomita mamiliyoni ambiri. Cifukwa ca ici mcira nthawi zonse umaloza kumbali yosiyana ndi dzuwa. Pobwera mcira umatsalira m'mbuyo, koma pobwerera mcira ndiwo umatsogola, monga utsi wa munthu wonyamula muuni mphepo iri kumbuyo kwake.

M'caka ca 2014 combo cina, Rosetta, citayenda zaka khumi, cinafika pa nyenyezi ya mcira yochedwa 67P, ya makilomita pafupifupi 4, ndipo pa 12 November cinatsitsirapo kacombo kakang'ono, Philae. Kameneka kanali koyamba kuti cinthu copangidwa ndi manja a munthu citere pa cibuma cotere. Cimene makolo anali kuopa kuciloza ndi cala, lero cajambulidwa maenje ake ndi matanthwe ake.

Kwao kwa alendowa

Akatswiri amawerengera kuti dzuwa ndi maiko olizungulira, amene pa sukulu amachedwa mapulaneti, zinapangika zaka 4,600 miliyoni zapitazo kucokera mu mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi. Pafupi ndi dzuwa panali potentha, kotero panangotsala miyala ndi citsulo zimene zinaumba dziko lathu. Kutali, kumene kunali kozizira koopsa, madzi ndi mipweya zinaundana pa fumbi, ndipo zibuma zosawerengeka zinaumbika. Zina zinalowa m'matupi a maiko akuluakulu, Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune. Zina zinatsala. Woumba mbiya akatsiriza nchito, pabwalo pamatsala timibulu ta dongo. Nyenyezi za mcira ndizo timibulu totsala pa kuumbidwa kwa maiko.

Zotsalazi ziri m'nkhokwe ziwiri. Yoyamba iri kuseri kwa Neptune, pa mtunda woposa wa pakati pa dziko lapansi ndi dzuwa ka 30 kufikira ka 50, ndipo mtunda wa ku dzuwawo ndi makilomita 150 miliyoni. Nkhokwe imeneyi ndi yonga lamba, ndipo imadziwika ndi dzina la Gerard Kuiper amene analemba za iyo mu 1951. Cibuma coyamba ca m'menemo, kupatula Pluto ndi mwezi wake, anacipeza ndi David Jewitt ndi Jane Luu mu 1992. Kumeneku ndiko kumacokera nyenyezi za mcira zobwera kawirikawiri, monga 67P imene imazungulira dzuwa pa zaka zisanu ndi cimodzi ndi theka.

Nkhokwe yaciwiri iri kutali kosaneneka, ndipo yakuta dzuwa ndi maiko ake mbali zonse monga cikhokhombe ca dzira. Anaizindikira ndi Jan Oort wa ku Netherlands mu 1950, atapenda njira za nyenyezi za mcira zobwera kamodzi pa zaka zikwi zambiri, zimene zimatulukira mbali iriyonse ya thambo. Kuwala kwa dzuwa kumafika pa dziko lapansi m'mphindi 8, ku Neptune m'maora anai, koma kuti kufike kumalire a mtambo wa Oort kumayenda koposa caka. Zibuma za kumeneko zinaponyedwa ndi mphamvu yokoka ya Jupiter ndi anzake paciyambi pomwe. Zimakhala kumeneko mpaka nyenyezi ina yodutsa capatali, kapena kukoka kwa Mlalang'amba wonse, kutasuntha cimodzi pang'ono. Pamenepo cimayamba kugwera ku dzuwa, ulendo wotenga zaka mamiliyoni. Mlendo amene akuoneka pamwamba pa mudzi usiku uno ananyamuka kwao mudziwo, mfumu yake ndi mtundu wonse wa anthu zisanakhaleko. Palinso owerengeka ocokera kunja kweni kweni, ku madzuwa ena, monga Borisov amene anadutsa mu 2019 ndipo sadzabweranso.

Mlendo wosunga pangano

Amene anacotsa ulemu wa malodza pa nyenyezi zimenezi ndi Edmond Halley wa ku England. Mu 1705, pogwiritsa nchito masamu a Isaac Newton, anaonetsa kuti zimene zinaoneka mu 1531, 1607 ndi 1682 zinali cinthu cimodzi cobwera pa zaka pafupifupi 76 zirizonse, nanena kuti cidzabweranso mu 1758. Iye anamwalira mu 1742, koma pa tsiku la Khirisimasi mu 1758 mlimi wina wa ku Germany, Johann Palitzsch, anaiona. Cinthu cimene tsiku lake lingawerengedwe zaka 50 cisanafike sicingakhale mthenga wa imfa ya munthu.

Mu December 2023 Halley anafika kumapeto a njira yake, kuseri kwa Neptune, natembenuka. Adzayandikiranso dzuwa mu July 2061, m'kati mwa nyengo ya cisanu, pamene thambo la Kum'mawa limakhala loyera. Koma fumbi limene anataya m'njira limaoneka caka ciriconse. Kumayambiriro a May, makamaka pa 5 ndi pa 6, dziko lapansi limadutsa m'fumbilo, ndipo wodzuka tambala woyamba atalira amaona nyenyezi zothothoka zikucokera kum'mawa. Zimacitikanso ca pa 21 October. Zimenezi si mfiti zouluka, ndiponso palibe nyenyezi imene yagwa. Ndi timiyala tonga mcenga tolowa mu mpweya wa dziko pa liwiro la makilomita 66 pa sekondi, nitipsa makilomita pafupifupi 100 kumwamba.

Kumene nyengo imayesedwa

Atapitirira Katete, kufupi ndi Mkaika kumene Acewa amasonkhana pa Kulamba kumapeto a August, ndi Mtenguleni kumene Angoni amacitira Nc'wala mu February, wapaulendo amafika ku Msekera, pafupi ndi Chipata. Malo amenewa amadziwika ndi kafukufuku wa mbeu, makamaka nshawa, koma alinso ndi bwalo loyesera nyengo, monga ziliri ku Chipata, Petauke, Lundazi ndi Mfuwe. M'bwalo lotere muli kabokosi koyera ka zipangizo zoyesera kutentha, cigubu coyesera mvula ndi tizikho tozungulira ndi mphepo. Mulibe cipangizo coyesera nyenyezi ya mcira, cifukwa iribe gawo pa nyengo. Mitambo yonse, mvula, matalala ndi mphezi zimacitika m'munsi mwa makilomita 20 kucokera pansi, pamene Halley mu April 1986 anadutsa pa mtunda wa makilomita 63 miliyoni.

Zaka zomwe zikucitira umboni. Cilala ca 1992 cinabwera thambo liribe nyenyezi ya mcira yowala. Cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February 2024 cinayamba miyezi yambiri Tsuchinshan-ATLAS asanaoneke ndi maso, ndipo a za nyengo anali atacenjeza kale mu 2023 za El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumacepetsa mvula kumwera kwa Afirika.

Cisanu naco ciri ndi gwero lake lodziwika. Dziko lapansi ndi lopendekeka, kotero kucokera mu May kufikira mu August dzuwa limadutsa cakumpoto, kuwala kwake kumafika mopendama, ndipo tsiku lalifupi koposa limakhala ca pa 21 June. Mphepo imaomba kucokera kumwera cakum'mawa. Ikadzera pa nyanja ya Indian Ocean nitenga cinyezi, imabweretsa masiku a mitambo yotsika ndi mvula yowaza, imene imachedwa ciperoni potengera phiri la Chiperone ku Mozambique. Pa nyanja ya Malawi mphepo yomweyo ndiyo mwera woopedwa ndi asodzi. Ku Chipata masana a June ndi July amafika madigiri pafupifupi 25, ndipo usiku amatsikira pa 12 kapena kuceperapo.

Usiku woyera, m'mawa woopsa

Pali cizindikiro cimodzi ca kumwamba cimene mlimi wa dimba ayenera kuciopa, ndico thambo loyera lomwe lija limene limakondweretsa woona nyenyezi. Masana nthaka imamwa kutentha kwa dzuwa, usiku imakubweza. Mitambo ikakhalapo imacita ngati bulangete, koma ikasowa kutentha konse kumathawira kumwamba. Mpweya wozizira ndi wolemera, motero umatsetsereka pa zitunda ngati madzi nukadikha m'madambo, m'mene muli madimba. N'cifukwa cake munthu wotsikira ku dambo m'mamawa amamva kuzizira kukumuyamba m'miyendo. Kumalo monga Sesheke ndi pa mapiri a Nyika mame amaundana kawirikawiri, ndipo m'madambo a Kum'mawa zimacitika zaka zina.

Mphepo ikaleka dzuwa litangolowa, mpweya uli wouma, nyenyezi ziri ngwee popanda kamtambo, usiku umenewo ndi wa cisanu cowaula mbeu. Matimati, nyemba, maungu, mbatatesi, nthoci ndi cimanga ca m'dimba ndizo zimapsa msanga. Repu ndi kabici zimapirira. Mlimi wocenjera amabzala mbeu zosapirira cakumtunda kwa dimba, amathirira madzulo dzuwa lisanalowe cifukwa nthaka yonyowa imasunga kutentha, ndipo amabvundikira nazale ndi udzu kapena masaka.

Cisanu cimapha anthu kudzera m'moto. Makala oyaka m'mbaula amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo ndi wopanda utsi. Banja lotseka citseko ndi mazenera mbaula iri m'kati limayamba kumva mutu ndi cizungulire, kenaka tulo tosadzukanso. Mbaula itulutsidwe panja anthu asanagone. Ana aang'ono ndi odwala khunyu asasiyidwe okha pa moto. Mwana wotsokomola amene akupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, angakhale ndi cibayo, ndipo afunika kucipatala tsiku lomwelo. Mu August mphepo imakula, akamvuluvulu amayamba kubvina m'minda, ndipo moto wa osaka mbewa umatha kudya udzu wofolera, msipu wa ng'ombe ndi nkhokwe m'ora limodzi. Kulambula mozungulira nyumba ndi nkhokwe ndi nchito ya June ndi July, udzu usanaumitsitse.

Mkuntho umakonzekeredwa m'cisanu

Cisanu cikatha, September ndi October amabwera ndi kutentha, kumene m'cigwa ca Luangwa kumapitirira madigiri 40. Mpweya wotentha umakwera, nukumana ndi cinyezi cocokera ku Congo ndi ku nyanja, ndipo mitambo imaunjikana ngati zulu zazikulu. Mtambo ukatalika, pamwamba pake n'kuphwatalala ngati licero, pansi pake n'kuda, ndiye kuti muli mphezi, matalala ndi mphepo yamphamvu. Kamphepo kozizira kobwera mwadzidzidzi masana otentha ndiko mthenga wake wotsiriza. Mvula zoyamba za October ndi November ndizo zimasasula madenga a nyumba, masukulu ndi machalichi.

Mphezi iri ndi muyeso wake umene mwana aliyense angaphunzire. Kuwala kumafika nthawi yomweyo, koma kugunda kumayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu. Wowerenga kucokera pa kung'anima kufikira pa kugunda akapeza masekondi osakwana 30, mphezi iri pafupi mokwanira kumupha. Mtengo woima wokha, pamwamba pa culu, pabwalo la mpira, pakati pa munda khasu liri pa phewa, ndi m'madzi, ndiwo malo oipitsitsa. Abusa asasonkhanitse ng'ombe pansi pa mtengo umodzi. Nyumba ya njerwa kapena galimoto yotseka ndiwo malo abwino, ndipo munthu adikire mphindi 30 kugunda kutatha. Woombedwa ndi mphezi sasunga moto m'thupi. Kumukhudza sikuopsa, ndipo kumuthamangitsira kucipatala n'kofunika kuposa kufunafuna amene wamutumizira, pakuti mphezi siitumidwa ndi munthu.

Pakati pa dzinja pamabwera coopsa cina, anamondwe obadwira pa madzi ofunda a Indian Ocean. Idai anasakaza Beira ndi Chimanimani mu March 2019, Ana anagwa mu January 2022, ndipo Freddy mu March 2023 anagumula mapiri ndi kupha anthu mazanamazana ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Zambia alibe gombe la nyanja, koma mvula ya anamondwe otere imatha kufika Kum'mawa ndi kudzaza mitsinje yothira mu Luangwa. Mtsinje wouma lero ungasefukire m'ora limodzi ndi mvula yogwa kumapiri, kumudzi kusanadonthe kanthu. Madzi othamanga ofika m'maondo amagwetsa munthu wamkulu, ndipo ana a sukulu, ngolo ndi njinga zamoto siziyenera kuyesa mwai pa zambuko lodzala.

Anamondwe amaonedwa ndi makina a m'mlengalenga masiku angapo asanafike. Nthambi ya boma yoona za nyengo imalengeza za dzinja lonse mvula isanayambe, ndiponso imapereka macenjezo pa wailesi ya ZNBC, pa mawailesi a m'cigawo monga Breeze FM ndi Radio Maria, ndi pa mafoni. Nthambi ya DMMU, ya mu ofesi ya Waciwiri kwa Pulezidenti, ndiyo imayang'anira za ngozi zogwa mwadzidzidzi kudzera m'maboma. Koma cenjezo limathandiza nyumba yokonzeka yokha. Ino ndiyo nthawi yomweta udzu ndi kufolera, yosintha mitengo yodyedwa ndi ciswe, yomanga malata ndi waya ku khoma m'malo mowasanjika miyala, yodula nthambi zolendewera pa denga, yokumba ngalande, yokweza nkhokwe, ndi yoti omanga m'mphepete mwa mtsinje akambirane ndi a nyakwawa za malo a kumtunda. Akuluakulu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike.

Pofika pa cipata

Mseu umatsikira mu mzinda wa Chipata pakati pa mapiri, makilomita pafupifupi 570 kucokera ku Lusaka. Magetsi a mumzinda amaphimba nyenyezi zambiri, kotero mwana wa ku Chadiza, Vubwi kapena Chipangali ali ndi cuma cimene mnzake wa m'tauni alibe: thambo lathunthu pamwamba pa bwalo la kwao. Aphunzitsi ndi makolo angacite bwino kumudzutsa m'bandakuca wa pa 6 May, atamufunditsa bwino, kuti aone fumbi la Halley likuyaka, ndi kumuuza cimene ciri.

Mwana wa zaka khumi mu 1986 adzakhala ndi zaka 85 mu 2061, ndipo ena a iwo adzaiona kawiri. Adzukulu ao adzaturuka panja usiku wa cisanu wa caka cimeneco akudziwa dzina la mlendoyo, kwao, ndi tsiku lobwerera. Akadzatha kumuona, kudzakhala kwanzeru kupenyanso ngati mphepo yaleka ndi thambo layera, n'kutsikira ku dimba kukabvundikira matimati.